Mlendo wa M'mphepo, Gawo 2: Nambala Imene Inabwerera pa Ziro

M'gawo loyamba tinasiyana titaona zimene Nitay Artenstein anaonetsa ku msonkhano wa Black Hat ku Las Vegas mu July 2017, kuti tchipi cha Wi-Fi cha Broadcom, chomwe chinali m'ma iPhone ndi m'mafoni ambiri a Android, chinkatha kulandidwa ndi munthu amene foniyo sanaikhudze n'komwe. Tinaonanso BlueBorne, yomwe inalowera pa Bluetooth chaka chomwecho, komanso ntchito ya Ian Beer wa ku Google Project Zero, yemwe mu December 2020 anafotokoza mmene ankalowera mu iPhone kudzera pa AWDL, njira imene AirDrop imadalira. Lero tili ku Germany, mumzinda wa Darmstadt, kum'mwera kwa Frankfurt. Chaka ndi 2022, ndipo ulendo uno wodwala ndi Linux.

Tiyerekeze kuti laputopu ya Linux ili patebulo pamalo odikirira sitima. Mwini wake sanalumikize ku netiweki iliyonse, sanalembe pasiwedi, sanatsegule uthenga wokayikitsa. Wangosiya Wi-Fi yoyatsa basi, monga timachitira tonsefe. Koma makinawo sanangokhala duu. Pakapita kanthawi amatchera khutu pa matchanelo a wailesi kuti adziwe manetiweki amene ali pafupi, n'chifukwa chake mukadina kachizindikiro ka Wi-Fi mumapeza mayina atandandalikidwa kale.

Mayinawo amachokera ku timauthenga totchedwa beacon. Rauta iliyonse imaulutsa beacon pafupifupi kakhumi pa sekondi, kulengeza kuti ilipo, dzina lake ndi lakuti, liwiro lake ndi lakuti, chitetezo chake n'chamtundu wakuti. Uthengawu subisidwa, ndipo sungabisidwe, pakuti umapita kwa alendo amene sanapatsidwe kiyi. Aliyense wokhala ndi kachipangizo kotsika mtengo ka Wi-Fi angathe kupanga beacon yakeyake n'kulembamo zimene wafuna. Ndipo mu Linux woiwerenga si pulogalamu wamba ayi. Ndi kernel yeniyeniyo, phata la makina onse, yomwe ili ndi ulamuliro pa memori yonse, pa mafayilo, pa kamera, pa chilichonse.

M'kati mwa beacon nkhani zimaikidwa m'tizigawo. Kachigawo kalikonse kamayamba ndi baiti imodzi yonena mtundu wake, kenako baiti ina yonena kutalika kwake, kenako nkhani yakeyo. Dzina la netiweki, mwachitsanzo, ndi kachigawo nambala 0, ndipo silipitirira mabaiti 32. Gwirani mfundo ziwiri izi chifukwa tizifuna posachedwa. Kutalikako amalemba ndi wotumiza. Ndipo baiti imodzi imasunga nambala kuyambira pa 0 kulekeza pa 255.

Ku yunivesite ya TU Darmstadt kuli gulu lotchedwa SEEMOO, lomwe ntchito yake ndi kufufuza chitetezo cha mafoni ndi manetiweki opanda waya. Mmodzi mwa ofufuza akumeneko anali Sönke Huster. Njira imene ankagwiritsa ntchito imatchedwa fuzzing. M'malo mokhala pansi n'kumawerenga khodi mzere ndi mzere, munthu amalemba pulogalamu yolavula mauthenga opotoka, miyandamiyanda, usana ndi usiku, n'kumaipatsira khodi imene ikuyesedwayo. Pulogalamuyo imasintha baiti apa, kudula apo, kumata zidutswa za mauthenga awiri. Siyenda mwachimbulimbuli: imayang'anira njira zimene uthenga wadutsa m'kati mwa khodi, ndipo uthenga umene wafika pamalo atsopano imausunga n'kuupotozanso, kuti ulowe m'kati kwambiri.

Vuto la Wi-Fi ndi lakuti wailesi yeniyeni imachedwa. Kuulutsa uthenga m'mlengalenga, kudikira kuti makina agwe, kuwayatsanso, zonsezo zimadya nthawi. Huster anazemba vutoli poyendetsa Linux m'makina ongoyerekezera a m'kati mwa kompyuta, n'kupanga kachipangizo kongoyerekezera komwe kankathira mauthengawo mu kernel ngati kuti achokera m'mphepo. Chida chimenechi pambuyo pake chinadziwika ndi dzina lakuti VirtFuzz.

Panafunikanso mlonda, chifukwa memori ikaonongeka sikuti makina amagwa pompo. Angathe kupitiriza kuyenda ngati palibe chachitika, n'kudzagwa patapita nthawi pamalo ena osakhudzana n'komwe ndi pamene panalakwika. Mlondayo ndi KASAN, chida chomwe chili mu kernel momwemo cha anthu oyesa khodi. Kernel ikapatula malo m'memori, KASAN imaika malire oletsedwa kuzungulira malowo, ndipo baiti ikangolembedwa kunja kwa malire imakuwa nthawi yomweyo, n'kutchula pamene palakwika.

Mlonda uja anakuwa. Panali uthenga wina umene ukangolowa, kernel inkalemba kupyola malo amene inadzipatulira. Chala chinaloza mu fayilo ya net/wireless/scan.c, m'gawo la kernel lotchedwa cfg80211, pa kachidutswa ka khodi ka dzina lalitali: cfg80211_update_notlisted_nontrans.

Kuti timvetse chimene kachidutswaka kankachita, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Rauta imodzi ya pa yunivesite kapena pa hotela imakhala ndi manetiweki angapo: ya ogwira ntchito, ya alendo, ya makina osindikizira. Kale netiweki iliyonse inkaulutsa beacon yakeyake, ndipo popeza ma beacon amatumizidwa pa liwiro lotsika kuti aliyense awamve, ankadya mpata waukulu wa m'mlengalenga. Akatswiri a IEEE anapeza nzeru: beacon imodzi izinyamula m'mimba mwake mbiri za manetiweki enawo. Kachigawo konyamula mbirizi ndi nambala 71, kotchedwa Multiple BSSID, mwachidule MBSSID. Kanabwera ndi malamulo a 802.11v, ndipo Wi-Fi 6 itafika zipangizo zinayenera kumakamva. Linux inayamba kukawerenga pofufuza manetiweki kuyambira pa 5.1, yomwe inatuluka mu May 2019.

Tsono zimachitika kuti beacon yafika, koma netiweki ina imene kernel inaimva kale m'mimba mwa beacon yam'mbuyo sinatchulidwe ulendo uno. Kernel siitaya netiwekiyo. Imaikonzera mbiri yatsopano pokopera tizigawo ta beacon yafikayi, kusintha dzina, n'kudumpha kachigawo ka MBSSID. Kuti idumphe iyenera kudziwa kuti kachigawoko n'kakatali bwanji. Mzere wake ndi uwu:

cpy_len = mbssid[1] + 2;

Tanthauzo lake: tenga kutalika kumene wotumiza walemba, uwonjezerepo 2 chifukwa cha mabaiti awiri a kumutu aja, wa mtundu ndi wa kutalika. Masamu ake ndi olondola. Mwana wa sitandade 2 angavomereze. Ndauyang'ana mzerewu mobwerezabwereza, ndipo pawokha ulibe banga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyererezo zinali pamwamba, pamene cpy_len inalengezedwa. Inalengezedwa kuti ndi u8, kutanthauza baiti imodzi, yosunga 0 mpaka 255. Wotumiza akalemba kutalika kwa 100, yankho ndi 102, zonse zili bwino. Akalemba 253, yankho ndi 255, zakwanira ndendende. Koma akalemba 254, yankho ndi 256, nambala yomwe simalowa m'baiti imodzi. Chiyankhulo cha C sichidandaula. Chimangodula gawo losakwanalo n'kusunga chotsala, ndipo chotsalacho ndi 0. Akalemba 255, chotsala ndi 1.

Onani tsopano mmene zinthu zinkasokonekera. Powerengera kukula kwa malo oti mbiri yatsopanoyo ikakhalemo, khodi inkagwiritsa ntchito nambala zazikulu zosasefukira, motero malowo ankakhala a muyeso woyenera, ochotseratu kachigawo ka MBSSID. Koma pofika pokopera, khodi inkafunsa cpy_len kuti idumphe mabaiti angati. Cpy_len n'kuyankha kuti 0. Choncho memcpy, lamulo lokopera lomwe silifunsa mafunso, inkayambira pamutu pa kachigawo koyenera kudumphidwa kaja n'kukopera zonse mpaka kumapeto. Mabaiti 256 ankapyola malire n'kukagwera pa zinthu zina za kernel zoyandikana nawo.

Mabaiti 256 ndi ochepa kuposa ndime ino. Koma funso si kuchuluka kwake, funso ndi mwini wake. Mabaitiwo ankachokera mu uthenga wa mlendo, ndiye kuti mlendoyo ndi amene ankasankha zolembedwazo. Pafupi ndi malo osefukirawo pangakhale mbiri ya netiweki ina, pangakhale cholozera chouza kernel kumene ikapeze khodi yoti iyendetse. Wachiwembu wosadziwa zambiri angangogwetsa makina. Waluso, wodziwa kusanja memori kuti chinthu chimene akufuna chikhale pafupi, angathe kufika poyendetsa khodi yake m'kati mwa kernel. N'chifukwa chake bowoli, lomwe linapatsidwa nambala ya CVE-2022-41674, linaikidwa m'gulu la mabowo olola munthu kulamula makina ali patali. Chomwe ankafunika n'kukhala pamtunda woti wailesi yake imveke.

Ndipo makina okhudzidwa sanali ochepa. Ubuntu 20.04 inkayendera kernel 5.4, Ubuntu 22.04 inkayendera 5.15, Debian 11 inkayendera 5.10. Marauta a OpenWrt ankagwiritsa ntchito khodi yomweyo ya Wi-Fi. Android nayo pansi pake pali kernel ya Linux, ndipo mafoni atsopano a nthawiyo ankatuluka ndi 5.4 kapena 5.10, kuphatikizapo ena amene tili nawo m'matumba ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete.

Munthu akapeza chinthu chotere amakhala pamphambano. Pali misika imene bowo lolowera mu kernel popanda mwini makina kudina kalikonse limagulidwa ndalama zambiri, ndipo ogulawo safuna kuti litsekedwe. Huster sanapite kumeneko. Analembera a chitetezo a SUSE, kampani ya Linux yomwe inayambira ku Germany, ndipo iwo anapereka nkhaniyo ku gulu la chitetezo cha kernel. Kuchoka apo inafika m'manja mwa Johannes Berg wa ku Intel, amene wakhala akuyang'anira cfg80211 ndi gawo lina la Wi-Fi lotchedwa mac80211 kwa zaka zambiri. Pa anthu onse padziko, ndi ochepa amene amaidziwa khodi imeneyi kuposa iye.

Chigamba chimene Berg analemba chinasintha mzere umodzi. Pamene panali u8 cpy_len panakhala size_t cpy_len. Mtundu wa size_t pa makompyuta ambiri a masiku ano ndi wa mabiti 64, ndiye 256 imalowamo popanda vuto, kudumpha kumachitika moyenera, ndipo memcpy imakopera zokwanira malo ake. Bowo lomwe linakhala zaka zoposa zitatu linatsekedwa ndi liwu limodzi.

Pano ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kufunsa kuti analemba mzerewo ndani, ndipo anagona bwanji. Ine sindimuimba mlandu munthuyo. Amene anasankha u8 anali ndi chifukwa chomveka: kutalika kwa kachigawo ndi baiti imodzi, ndiye chosungira chake chikhalenso baiti imodzi. Khodiyo inawerengedwa ndi anthu ena odziwa ntchito isanalandiridwe. Rauta yabwinobwino kawirikawiri simadzaza kachigawoko mpaka pakamwa, motero makina mamiliyoni anayenda zaka zitatu osaona vuto. Mlandu weniweni ndi wa chida. C imalola nambala kudulidwa mwakachetechete, ndipo memcpy siidziwa kukula kwa malo amene ikulembamo. Microsoft inanena mu 2019 kuti pafupifupi 70 peresenti ya mabowo amene imatseka chaka ndi chaka ndi a memori, ndipo a Chromium anapeza chiwerengero chofanana chaka chotsatira. Anthu amenewa si aulesi kapena osaphunzira. Ngati akatswiri a makampani olemera chotere akupunthwa pamalo amodzimodzi kwa zaka makumi, kuwauza kuti asamale sikukwanira. N'zochititsa chidwi kuti m'mwezi wa October chaka chomwecho cha 2022 Linus Torvalds analandira maziko oyamba a Rust mu kernel, chiyankhulo chimene chimayang'anira malire a memori. Koma khodi ya Wi-Fi inali ya C, ndipo anthu amene anali ndi bowo m'manja sakanadikira zaka kuti ilembedwenso.

Dokotala wabwino akapeza chotupa chimodzi safulumira kusoka. Berg, Huster ndi anzawo sanakhutire ndi mzere umodzi uja. Khodi yonse ya MBSSID inalowa mu kernel nyengo imodzi, ndipo yonse inkagwira ntchito yofanana yowerenga mabaiti a mlendo. Ngati pamalo pena nambala ya wotumiza inakhulupiriridwa mopambanitsa, bwanji pena? Anapitiriza kufufuza, ena ndi maso, ena ndi makina.

Chimene anapeza mu mac80211 chinali cha mtundu wina, ndipo ndi mtundu umene akatswiri amauopa kwambiri. Mac80211 ndi gawo limene limagwira ntchito ya Wi-Fi m'malo mwa makhadi amene tchipi chawo sichichita zonse chokha, monga makhadi ambiri a m'malaputopu. Ikalandira beacon, imaisanthula n'kulemba ndandanda ya zolozera: dzina lili apa, liwiro lili apo, za chitetezo zili uko. Zolozerazo kawirikawiri zimaloza mu uthenga weniweniwo, womwe umakhalapobe mpaka ntchito itatha. Koma mbiri ya netiweki ya m'mimba mwa MBSSID ingathe kukhala yogawika m'tizigawo tingapo, chifukwa kachigawo kamodzi sikapitirira mabaiti 255. Pofuna kuilumikiza, khodi inkapatula malo apadera, n'kukoperamo zidutswazo, n'kuisanthula ili mmenemo. Zolozera zina zinkaloza m'malo apaderawa.

Kenako, isanabweze ndandanda kwa amene anaipempha, khodiyo inkamasula malo apadera aja, kuwabwezera kwa kernel kuti apatsidwe kwa wina aliyense. Zolozera zinkatsala zikuloza komweko.

Akatswiri amachitcha use-after-free, kugwiritsa ntchito memori imene wamasula kale. Kuopsa kwake n'kwakuti nthawi zambiri palibe chooneka. Malo omasulidwa sasesedwa, zakale zimakhalamobe, ndiye khodi ikapita kukawerenga imapeza zimene inkayembekezera n'kupitiriza ulendo. Mayeso onse amadutsa. Koma kernel ikangopereka malowo ku ntchito ina pakati pa kumasula ndi kuwerenga, mac80211 imawerenga zinthu za eni ake ngati kuti ndi mbiri ya netiweki. Ndipo wachiwembu amene akutumiza mauthenga ambirimbiri angathe kuyesa kuti zimene zagwera m'malowo zikhale zake. Bowoli linalowa pa 5.2, ndipo linapatsidwa nambala ya CVE-2022-42719.

Apa panalibe liwu limodzi loti lisinthidwe. Vuto silinali kukula kwa nambala koma moyo wa memori: ndani ali mwini wa malowa, ndipo amwalire liti? Kungochotsa mzere womasula kukanachititsa kuti beacon iliyonse izisiya memori yosabwezedwa, ndipo ndi ma beacon khumi pa sekondi kuchokera ku rauta iliyonse, makina akanadzaza n'kuima. Njira imene Berg anasankha inali yoti malo apaderawo asamapatulidwe paokha, koma akhale mbali ya ndandanda yeniyeniyo, kuti zibadwe limodzi n'kumasulidwa limodzi. Pa kernel yatsopano zimenezi zinkatheka msanga. Pa zakale monga 5.10 khodi inali yomangidwa mosiyana, ndandandayo sinkapatulidwa m'njira imeneyi, ndipo kuti chigamba chikwanire panafunika kubweretsa kaye kusintha kwina kokhudza malo ambiri. Kusintha kulikonse koteroko kungathe kuthyola Wi-Fi ya anthu amene sanalakwe kanthu. Ndipo ma kernel akalewo ndi amene anali m'mafoni.

Nthawi nayo sinali kumbali yawo. Gulu la chitetezo cha kernel silikonda kusunga chinsinsi kwa nthawi yaitali. Lamulo lawo limati chigamba chodalirika chikapezeka, kuchitulutsa kungachedwetsedwe masiku 7 okha, ndipo pazifukwa zapadera 14. Ndikugwirizana nalo lamuloli, chifukwa bowo limene wofufuza mmodzi walipeza ndi fuzzing wina angalipezenso, ndipo mwina analipeza kale n'kukhala chete. Tsiku lililonse lachinsinsi ndi tsiku limene eni makina sakudziwa kuti azimitse Wi-Fi. Koma kutulutsa nako kuli ndi mtengo wake. Khodi ya Linux ili poyera. Chigamba chikangotuluka, aliyense wodziwa C akaona u8 itasanduka size_t amadziwa m'mphindi zochepa kuti alembe 254 pati. Chigamba chimateteza amene wachilandira, ndipo chimaphunzitsa mdani wa amene sanachilandire.

Ndiye panalibe kuchitira mwina, zigamba zonse zinayenera kutulukira limodzi. Kutseka khomo loyamba poyera kukanakokera maso a dziko lonse pa khodi ya MBSSID pamene khomo lachiwiri lili pululu.

Koma makomowo sanali awiri. Kufufuza kuja kunatulutsa lachitatu, m'kawerengedwe kamene kernel imadziwira kuti ndi angati akugwiritsabe ntchito mbiri ya netiweki isanaifufute. Kunatulutsa lachinayi, pamene uthenga wopotoka unkasokoneza mndandanda wa manetiweki mpaka kernel n'kumazungulira pamodzimodzi osatulukamo. Kunatulutsanso lachisanu, ndipo ili linali m'khodi imene inalembedwa kuti iteteze ma beacon ku chinyengo.

Mabowo asanu, onse otheka kuwafikira kudzera m'mphepo, atatu mwa iwo okhoza kupereka ulamuliro wa makina. Pa 13 October 2022 Marcus Meissner wa ku SUSE anayenera kuuza dziko zonsezi, ndipo pamodzi ndi chilengezocho panatulukanso zitsanzo za mauthenga ogwetsa kernel. Kuyambira ola limenelo mpikisano unayambika pakati pa chigamba ndi aliyense wokhala ndi kachipangizo ka Wi-Fi komanso mtima woipa. Laputopu ya Ubuntu ingalandire chigamba m'masiku ochepa. Foni ya Android iyenera kudikira Google, kenako wopanga tchipi, kenako wopanga foniyo, ngati akuikumbukirabe.

Ndani anayamba kufika pa foni yanu? Musaphonye gawo lachitatu.